Maluwa Achikasu Kuseri kwa Munda wa Alamu

Ku Tembwe, m'dera la Chama, ndinafika ndi sutikesi imodzi ndi matiresi opinda, boma litanditumiza kukaphunzitsa. Kwathu ndi ku Katete, kumtunda kozizira, ndiye kutentha kwa m'chigwa muno kunandilandira ndi mbama. Ndinkati ndikhala pang'ono chabe, kenako ndipemphe kusamuka. Manje mutu wonse ndi imvi ndipo ndikadali konkuno. Poyamba unandimanga ndi ukwati, pambuyo pake chinandimanga ndi chimene ndikufuna kunenachi.

Amuna anga anali mlimi wa mpunga ndi thonje, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Koma anthu ankaseka kuti amene anandikwatira kwenikweni ndi mlongo wawo wamkulu, alamu anga. Anali mayi wamtali, wamasiye, wa mawu omveka kutsidya kwa dambo. Ndiwo anandiphunzitsa Chisenga, ndikalakwitsa n'kumaseka mpaka kugwira nthiti. Ndiwo anandiphunzitsa kupeta mpunga osautaya, ndi kufukula madzi mumchenga wa mumtsinje chilimwe chikafika poipa. Akafuna kundinyoza ankanditcha amadamu, akafuna mchere ankanditcha alamu. Ndinawakonda kuposa abale anga a bere limodzi, sindibisa.

Mimba yanga yoyamba inafika nthawi yake pakati pa dzinja. Mtsinje unali utadzaza mpaka m'mitengo, ndipo kiliniki inali tsidya lina. Ndinachirira m'nyumba, dzuwa likuswa mtengo, pali alamu ndi azimayi awiri achikulire a m'mudzimo. Mwana anabadwa ali zii. Ndinadikira kulira kwake, ndinangomva nkhuku panja.

Kuno mwana wotero samuyesa maliro. Amati ndi nthayo. Palibe bokosi, palibe nyimbo, amuna sapitako, ndipo mayi wake sapita ndiponso sauzidwa kumene amuika. Azimayi okhaokha amamukulunga m'kansalu n'kukamuika m'dzenje losaya kuthengo, chifukwa ati dzenje likazama mimba ya mayi imatsekeka. Kuliranso amaletsa, pa chifukwa chomwecho. Ndinapempha kuti ndimuone nkhope chabe. Mmodzi wa azimayi achikulire aja ananditembenuzira mutu kukhoma ndi dzanja lake, mofatsa ndithu, ndipo pamene ndinkatembenuka anali atatuluka naye onse atatu. Sanandiuze ngakhale kuti anali mwamuna kapena mkazi.

Ndinamvera mwambo. Sindinalire pamaso pa anthu. Ndinabwerera kusukulu, n'kumalemba pabolodi ngati munthu. Koma chakudya chinkandikanira pakhosi, masiketi anayamba kundizungulira m'chiuno, ndipo ndikapita kukatola nkhuni maso anga ankangoyang'ana pansi, pali ponse pamene dothi latukuka pang'ono. Amuna anga ankangoti zidzatha. Munthu amene ndinkamuvutitsa anali alamu. Kumunda, kumtondo, panjira yochokera kutchalitchi, funso langa linali limodzi.

“Alamu, ndisonyezeni chabe. Sindidzalira, sindidzauza munthu.”

“Amadamu, sukulu yonseyi simunaphunzire kumva? Zimenezo sitiloza.”

Anakana dzinja lonse, anakana masika. Kenako itagwa mvula ya chizimalupsa, ija yoyamba imene imazimitsa phulusa la tchire lopsa, anabwera m'mawa ndi chingwe cha nkhuni. Anandiyang'ana mikono, mmene inaondera, n'kupukusa mutu.

“Tengani nkhwangwa. Tikatole nkhuni.”

Tinadutsa munda wawo wa mpunga, n'kukwera pakamtunda ka mchenga woyera kuseri kwake, pamene mitengo ya tsanya imayambira. Tchire linali litapsa, ponseponse bii. Pakati pa mchengawo panali chitsamba chimodzi cha masamba obiriwira, aatali, aubweya, ndipo pamwamba pake timaluwa tachikasu totambasuka ngati nyenyezi. Alamu anaima, analoza ndi chibwano.

“Ali apa. Anali mtsikana. Mukauza munthu, ine ndi inu tathana.”

Ndinagwada. Alamu anatembenuka n'kuyamba kuthyola nkhuni mwaphokoso kuti wodutsa asandimve, ndipo ndinalira kulira kumene ndinakusunga miyezi yonse ija. Tsiku limenelo ndinadya mpaka kupempha kuwonjezera.

Munthu wa kumtunda sangamvetse chifukwa chake duwa linali nkhani yaikulu chotero. Kwathu ukafuna kukumbukira malo umaikapo mwala. Pamchenga paja mwala ungaupeze kuti? Mtanda wamtengo chiswe chimadya, chotsala moto wa chilimwe umamaliza, ndiponso mtanda ukanandiulula. Mvula ikagwa mchenga umasalala, malo onse n'kufanana. Koma chomera chija moto sunkachipha. Pansi chili ndi chitsinde chonenepa, chakuda kunja, ndiye masamba akapsa icho chimangogona mumchenga, mvula yoyamba ikagwa n'kuphukanso pomwepo, osasuntha. Maluwa ake amatseguka m'mawa, dzuwa likapendeka n'kufumbata. N'chifukwa chake ndinkapita m'mawa, Loweruka, ndi chingwe cha nkhuni paphewa.

Ndinabereka ana ena, amoyo, aphokoso, odya ngati dzombe. Koma chaka chilichonse maluwa aja akatuluka ndinkapita. Ndinkazula udzu m'mbali, ndinkakhala pamchenga n'kumamuuza mwana wanga nkhani. Ndinkamuuza kuti chaka chino ukanayamba sukulu, ndipo ukanakhala m'kalasi mwanga, ndikanakukwapula kuposa ena kuti asanene kuti ndikukondera. Chaka china ndinamuuza kuti manje ukanatha kundisenzera madzi, alongo akowa ndi aulesi. Ndinamupatsa dzina mumtima, limene sindinauze munthu mpaka lero. Chitsamba chija chinakula, chinaswana, mpaka maluwa anadzaza malo oti munthu n'kuyalapo mphasa. Amuna anga sindinawauze. Ndinasunga pangano ngati dzira.

Kawiri konse anzanga a ntchito anandipezera mpata wosamukira ku Chipata, kumene kuli magetsi ndi madzi a m'mpopi. Ndinakana. Ankati amadamu awa anawadyetsa chiyani ku Chama, mpunga umenewu? Ndinkangoseka nawo.

Kenako anafika matenda aja. Anthu amene anapita ku Lusaka ndi ku migodi ali onenepa ankabwerera pa lole atagona pa matiresi. Mankhwala otalikitsa moyo anali asanafike kuno. Munthu akasowa chogwira amagwira chilichonse, ndiye inabuka mbiri yoti chitsinde cha duwa lachikasu lija chimachiza. Ati uchidule, uchiwiritse, uzimwa madzi ake. Amalonda anachipatsa dzina la mbatata, ngakhale sichifanana ndi mbatata mpang'ono pomwe, ndipo malole awo anayamba kuima pamsewu wa ku Chama kugula matumba. Kaya chinachiza wina, ine sindinamuone. Chimene ndinaona ndi makasu. Anthu anakumba m'madambo, m'mbali mwa njira, kuseri kwa sukulu, tchire lonse linasanduka maenje ngati mwadutsa nguluwe.

Mwana wamwamuna wa alamu anali mmodzi wa obwerera aja. Anagona m'khumbi kuseri kwa nyumba ya amake, ndipo ine ndinkamutumizira shuga, sopo, ndi phala la mpunga. Ndinamulera nawo mwana ameneyo, ndiye musaganize kuti sindinkamva chisoni.

Nthawi yomweyo anatiitana aphunzitsi ku Chipata kukachita maphunziro a patchuthi. Ndisananyamuke ndinapita kwa alamu. Ndinawapeza akusenda mtedza pakhonde.

“Alamu, mwaona mmene anthu akukumbira. Paja ndi kuseri kwa munda wanu, palibe angafikepo osadutsa kwa inu. Mundiyang'anire.”

Anaika lichero pansi, anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

“Kodi mwandiyesa wamisala? Paja pali magazi athu. Wobwera ndi khasu adzayamba wakumba ine. Pitani ndi mtima umodzi.”

Ndinapita ndi mtima umodzi, chitsiru ine.

Nditabwerera, m'mawa mwake ndinatenga chingwe cha nkhuni. Ndili patali ndinaona kuti mchenga wasintha mtundu. Panalibe tsamba ngakhale limodzi. Maenje okhaokha, kuyambira pamene panali maluwa mpaka kumitengo ya tsanya, ndipo mchenga wofukulidwa unali utamwazikana ponseponse. Ndinazungulira, ndinabwerera, ndinayesa kuyeza ndi maso kuchokera pamtengo wina, koma mitengo ya tsanya imafanana yonse. Sindinathenso kudziwa pamene ndinkagwada. Ndinafufuza m'maenjemo ndi manja, ndikuopa kupeza kanthu, ndikuopanso kusapeza kanthu. Sindinapeze kanthu.

Ndinathamangira kwa alamu, chitenje chili m'manja. Atandiona anayamba kulira iwo ine ndisanatsegule pakamwa. Ati anthu a kutsidya anabwera iwo ali ku Chama kuchipatala ndi wodwala. Anawatemberera anthu amenewo, manja awo, makasu awo, ndi ana awo omwe. Anandikumbatira, tinalira limodzi pakhonde paja, ine mpaka kumawatonthoza kuti si mlandu wanu alamu, munali ndi matenda. Chimene chimandiwawa kwambiri ndikakumbuka ndi chimenecho, kuti ndinawapukuta misozi ndi chitenje changa.

Bodza lilibe mwendo wautali m'mudzi. Pasanathe sabata, ndili pachitsime, mayi wina woyandikana nawo anayamba kucheza zake, osadziwa kuti akundibaya.

“Koma alamu anu ndiwo anaphula. Ife tikukumba tizing'onoting'ono, iwo anatulutsa zikuluzikulu ngati mutu wa mwana, kuseri kwa munda wawo kuja. Ankatibisira chaka chonse, osalola munthu kudutsa. Ngolo inachita kubwera pakhomo.”

Ndinasiya ndowa pachitsime pomwepo. Ndinawapeza alamu akupeta mpunga, mankhusu ali mbuu kumaso. Sindinapereke moni.

“Alamu, anakumba paja ndani?”

Anapitiriza kupeta. Ndinafunsanso. Kachitatu ndinagwira lichero, mpunga n'kutayikira pansi, nkhuku n'kuthamangira. Apo ndiye anandiyang'ana, maso ouma gwa.

“Ndine. Manje mufuna mundimange? Wanga ali m'khumbimo akupumabe, afuna mankhwala, afuna ulendo wa kuchipatala. Amoyo ndiwo amadya, amadamu.”

Ndinawauza kuti mukanandipempha chitsinde cha mwana wanu wodwala ndikanakumba ndekha ndi zala, m'mbali, n'kusiya pakati. Ndinawauza kuti munakumba pamutu pa mwana wa mlongo wanu, n'kukweza pangolo. Ndinanena zambiri, zina zosayenera mphunzitsi, mpaka anthu anayamba kusuzumira m'mipanda. Iwo anadikira kuti mpweya undithere. Kenako anatsitsa mawu kuti ena asamve.

“Paja palibe mwana. Sipanakhalepo mwana.”

Sindinamve bwino, ndinati anenenso.

“Munali kufa, alamu. Mikono inali ngati bango. Ndinati mkazi uyu atifera m'manja. Ndinaona maluwa aja ndikutola nkhuni, ndinati apa pali bwino, adzapeza polirira. Ndipo munachira. Simunachire kodi? Ana awa munabereka si chifukwa cha ine?”

“Nanga ali kuti?”

“Zimenezo sitiloza. Ndinakuuzani kalekale.”

“Nanga zoti anali mtsikana?”

Anawerama n'kuyamba kutola mpunga wotayika uja.

“Anamukulunga ndi achikulire aja. Ine sindinayang'ane.”

Ndinakhala pansi pomwepo, pafumbi. Azimayi achikulire awiri aja onse anali atamwalira kale. Padziko lonse lapansi munthu wodziwa kumene kuli mwana wanga anatsala mmodzi, ndipo anali uyu wotola mpungayu.

Kuyambira tsiku limenelo mutu wanga wakhala ukuzungulira pa zinthu ziwiri, ndipo zonse ndi zowawa. Mwina ananena zoona tsiku loyamba lija, mwana analidi paja, ndiye anakumba manda ake n'kupeka bodza kuti manyazi awachoke. Mwinanso ananena zoona tsiku la mpungali, ndiye kuti zaka zonse zija ankandiona ndikudutsa m'munda mwawo ndi chingwe cha nkhuni, akudziwa kuti ndikukacheza ndi mchenga, n'kumandipatsa moni. Anandigwira m'maso kamodzi, kaya poyamba kaya pomaliza, ndipo sindidziwa kuti ndi liti. Ndimakwiya ndikaganiza choyamba, ndimachita manyazi ndikaganiza chachiwiri.

Madzulo ake ndinawauza amuna anga zonse, pangano linali litafa kale. Anamvetsera akukonza mpini wa khasu. Ndinkayembekeza kuti adzuka, apite kwa mlongo wawo. Anangoti, “Amake ana, chibale ndi fupa, sichiwola. Mlongo wanga anakuchitirani chifundo. Zisiyeni.” Anafunsa ngati madzi osamba atentha. Munthu wofatsa uja ndinamuona bwino tsiku limenelo.

Mwana wa alamu anamwalira mvula isanathe, madzi a chitsinde chija akumwa ndithu mpaka tsiku lomaliza. Ndinapita kumaliro, ndinaphika, ndinagona pansi ndi azimayi anzanga monga mwa mwambo. Ndinamulira mnyamatayo moona. Amake sindinawagwire dzanja.

Chaka chotsatira mvula yoyamba itagwa ndinapitanso kumchenga kuja, kuti mwina kachidutswa kena kanatsalira pansi. Panamera udzu ndi minga basi. Okumba aja sankasiya kanthu, ndipo chomera chija chikachotsedwa chitsinde ndiye kuti chatha. Patapita zaka ndinaonako maluwa ake kwina, panjira ya ku Chifunda, ndili pa lole. Ndinayang'ana kumbali.

Zaka zinapita tikukhala ngati anthu ongodziwana. Pamaliro tinkakhala mbali imodzi, kutchalitchi tinkaimba nyimbo imodzi, koma pakhomo pawo sindinkapondapo. Azimayi a chigwirizano cha kutchalitchi anabwera kudzandiuza za kukhululuka. Ndinawapatsa mipando, ndinawaphikira tiyi, ndinawauza kuti andibweretsere mwana wanga kaye, kenako tikambe za kukhululuka. Nthawi zina ndinkawatumira alamu munthu wachikulire kuti akawanyengerere. Yankho linkabwera lomwelo, kuti madzi akatayika sawoleka.

Amuna anga atamwalira, ine nditapuma ntchito, alamu anagwa m'munda mwawo. Mbali imodzi ya thupi inafooka. Ana awo otsala anali kutali, ndipo aliyense anali ndi chifukwa chake. Ndinapita kuchipatala ku Chama kukawaona, kunena zoona ndinapita ndi funso langa, osati ndi chifundo. Atandiona anagwira dzanja langa ndi dzanja lawo lamoyo lija, n'kulankhula ndi pakamwa popotoka.

“Alamu, munditenge. Ndikachira miyendo ndidzakuperekezani. Pamalo penipeni. Sindinaiwale.”

Mukanakhala inu mukanatani? Ndinawatenga. Ndinawayalira m'chipinda chimene ankagona ana anga. Ndinayamba kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwachapira zoipa, kuwathira mafuta m'miyendo kuti mwina iyende. Ndinawauza kuti miyendo isakuvuteni, ndibwereka njinga, ndibwereka ngolo, ngakhale kukuberekani kumsana ndikuberekani, inu muzingoloza. Ankati mawa. Mawa likafika ankati dzuwa latentha, kapena mutu, kapena tidikire tchire lipse kuti njira ioneke. Tchire linapsa, linameranso, linapsanso. Ndinazindikira kuti mayi ameneyu wapeza pogwirira, akudziwa kuti tsiku limene adzaloze ndi tsiku limene phala lingathe. Ndinazindikira, koma ndinapitiriza kuphika, chifukwa ndikanawabweza kwawo akanafa nacho chinsinsicho.

M'mudzi muno manje ndine chitsanzo. Abusa ananditchulapo pa guwa, ati onani chikondi cha pa chilamu. Azimayi aja a chigwirizano amati mwaona, Mulungu anakufewetsani mtima. Sanandifewetse. Ndimawadyetsa alamu ngati mmene munthu amathirira mtengo umene akudikira chipatso chake, ndipo ndikawapukuta pakamwa mtima wanga umakhala uli chiwawire.

Chaka chathachi mutu wawo unayamba kusokonekera. Ankaitana anthu amene anafa kalekale, ankafunsa ngati mbalame zapirikitsidwa kumpunga pamene munda anausiya kale. Ndinachita mantha. Ndinasiya kudikira mawa lawo. Ndinkafunsa m'mawa uliwonse, nthawi imene mutu wawo umakhalako bwino, mwina mwaukali, mwina monyengerera.

Mwezi wathawu ndinawakhazika pakhonde, kunja kukali kozizira. Anadzuka bwino tsiku limenelo, anadya phala lonse, mpaka anandiseka kuti ndathira mchere wambiri. Ndinati lero ndi lero. Ndinagwada patsogolo pawo, ine mayi wa imvi, ndinawagwira mawondo.

“Alamu, ngolo ilipo, ndapangana naye kale mwini wake. Simutsika, mungoloza chabe. Tiyeni mukandisonyeze mwana wanga.”

Anandiyang'ana m'maso. Ndakhala nawo zaka zambiri mayi ameneyu, ndimadziwa nkhope yawo akamanama, ndimadziwa mmene diso limathawira kumbali. Tsiku limenelo diso silinathawe. Anamwetulira mwaulemu, mmene munthu amamwetulira mlendo, n'kundisisita dzanja.

“Mwana uti, mama? Inu ndinu a kwa yani?”

Ndinakhala chogwada mpaka mwini ngolo anafika ndi ng'ombe zake pachipata. Ndinamuuza kuti abwerere, ulendo walephereka. Kenako ndinalowa m'nyumba kukatenga madzi ofunda, chifukwa inali nthawi yowasambitsa.